Dzina loti "Dark Continent" silinkangonena za mapu

Achimwene, mwafunsa ngati Azungu ankatchula Africa kuti Dark Continent, dziko la mdima, chifukwa chongoti mkati mwake sankamudziwa. Ena muno ayankha kuti inde, nkhani inali ya mapu basi. Ine ndikuti yankho limenelo ndi loperewera.

Dzinali linafala kwambiri ndi buku la Henry Morton Stanley la mu 1878. Posakhalitsa Stanley yemweyo anayamba kugwirira ntchito mfumu Leopold II ya ku Belgium ku Congo, ndipo mu 1884 mayiko a ku Ulaya anakumana ku Berlin kupangana za kagawidwe ka Africa. Kunena kuti dziko lili mumdima kunali kunena kuti eni ake alibe mbiri, alibe maufumu, ndiye wobwera ndi nyali akhoza kulanda malo popanda mlandu.

Pomwe maganizowa anawononga kwambiri ndi ku Great Zimbabwe, mzinda wakale wa malinga amiyala m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Karl Mauch ataona malinga amiyala aja mu 1871, anati ndi zokhudzana ndi mfumukazi ya ku Sheba. Theodore Bent, yemwe anakumba mu 1891 mothandizidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes, anati anamanga ndi Afoinike kapena Aluya. Chimene chimandipweteka mtima ndi cha Richard Hall. Kuyambira mu 1902 iye anafukula ndi kutaya dothi lambiri la mkati mwa malingawo, lomwe munali mapale, phulusa ndi mafupa, poti ankaziona ngati zinyalala za anthu akuda zophimba chuma cha alendo. Komatu ofukula zakale amawerenga mbiri m'dothi lomwelo: chimene chili pansi ndi chakale, cha pamwamba ndi chatsopano. Dothi limene Hall anataya silingabwezeretsedwe m'malo mwake.

David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anaonetsa poyera kuti omanga anali anthu a mu Africa momwemuno. Lero tikudziwa kuti anali makolo a Ashona, cha m'ma 1100 mpaka 1450. Koma boma la Azungu la Ian Smith, lomwe linkalamulira dzikolo likutchedwa Rhodesia, silinkafuna kuti mabuku othandiza alendo odzaona malowo azinena zimenezi mosabisa, mpaka Peter Garlake, yemwe ankayang'anira malo akale, anachoka m'dzikolo mu 1970. Si mwangozi kuti mu 1980 dzikolo linatenga dzina loti Zimbabwe.

Nkhaniyi ikutikhudza ifenso. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, komwe kunali likulu la Kalonga, a Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi, zamkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Amaravi ankachita malonda ofika kunyanja ya Indian zaka mazana angapo Livingstone asanafike pa nyanja yathu mu 1859. Aswahili, Aluya ndi Apwitikizi ankazidziwa bwino njira zimenezi, ndipo apaulendo a Chingerezi nthawi zambiri ankatsata njira zomwezo motsogozedwa ndi eni dera.