Ali Sitandade 4 koma sawerenga: musathamangire Chingerezi

Mayi wina watilembera kuti mwana wawo wa Sitandade 4 amawerenga buku la m'kalasi bwinobwino, koma akampatsa kalata ya kutchalitchi amangoti kukamwa yasa. Akufuna kumusamutsira kusukulu yapulayiveti ya Chingerezi chokhachokha kuti adzasankhidwe kusekondale yogonera. Makalata otere atikwana.

Mayi, mwana wanuyo sakuwerenga, akuloweza. M'kalasi yodzaza, aphunzitsi akawerenga ana onse amabwereza mokuwa, ndipo mwana wochenjera amasunga tsamba lonse m'mutu. Muyeseni madzulo ano: phimbani chithunzi ndi dzanja, mulozereni mawu a pakati pa tsamba, kenako lembani papepala mawu opanda tanthauzo monga "tamu" kapena "neko". Akakakamira pamenepo, ndiye kuti maliwu a malembo sanawagwire.

Za sekondale yogonerazo ziikeni kaye pambali. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro amakhala m'Chingerezi, ndipo mayeso a PSLCE, omaliza pulayimale, sadikira mwana amene akuvutika ndi "ba be bi bo bu". Mukamuponya m'Chingerezi lero, mwamusenzetsa mitolo iwiri: chiyankhulo chomwe sachimva ndi malembo omwe sawadziwa. Ubwino wa Chichewa ndi woti momwe timalembera ndi momwenso timatchulira, choncho mwana amagwira msanga mfundo yoti lembo lili ndi liwu lake. Ndi chifukwa chake National Reading Programme, ndondomeko ya boma yophunzitsa ana kuwerenga yomwe idayamba mu 2016, imalimbikira maliwu ndi maphatikizo m'makalasi oyambirira. Luso limeneli adzapita nalo ku Chingerezi.

Bwererani pachiyambi, mphindi 15 tsiku lililonse, osati maola atatu Loweruka. Dulani katoni, pachidutswa chilichonse lembani phatikizo limodzi. Yambani ndi malembo ochepa, aja aphunzitsi amati anikumeto: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Muphunzitseni liwu la lembo, osati dzina lake la Chingerezi. Mwana wonena "emu" sangaphatikize m ndi a n'kupeza "ma". Akagwira na, ka, ma, ke, mo, to, azisuntha yekha timakatonito n'kupanga "kana", "make", "moto".

Pomwe ana ambiri amagwa ndi pa maphatikizo a malembo atatu kapena anayi. Yambani ndi h uja: pala ndi phala, kola ndi khola. Aike chikhatho pafupi ndi pakamwa amve mpweya ukutuluka. Kenako mb, nd, nkh, mph, nth, tch, limodzilimodzi, ndipo musadumphe kankhodolero: ngoma ndi nyama ya kutchire, ng'oma ndi yovinira. Akamasokoneza b ndi d, musaziphunzitse tsiku limodzi. Akatha ndime, mufunseni: ndani, wachita chiyani, kuti? Kutchula mawu osamva nkhani si kuwerenga ayi.

Chikwapu ndi kumuyerekeza ndi mwana wa aneba zilekeni; mwana wamantha amangolota mawu kuti mumusiye. Kakumaneni ndi aphunzitsi ake, muwafunse maphatikizo omwe akumuvuta, ndipo ngati amafinya maso kapena kuyandikitsa buku kumphuno, kamupimitseni maso kuchipatala. Aphunzitsi akanena kuti abwereze kalasi, musakachite makani ku ofesi ya ahedi.

Zitheka, mwanayo ali ndi mutu, poti woloweza tsamba lonse si mbuli. Koma musayembekeze kuti sabata yamawa akuwerengerani nyuzipepala. Mupatseni teremu yathunthu, kenako mumuyesenso ndi kalata ya kutchalitchi ija.