Inalemba kuti Sent, koma inali m'dzala la spam

Achemwali, mwandiputa pachilonda. Zoti makotesheni anu a pa imelo akugwera mu spam nanenso zinandichitikira chaka chatha, mpaka pano ndikakumbukira mtima umawawa.

Ine ndimasindikiza ma T-shirt ndi mabanala kuno ku Katoto. Bungwe lina la ku Lilongwe linkafuna ma T-shirt 400 a msonkhano wawo ku Nkhata Bay, kotesheni ifike pasanakwane 5 koloko Lachisanu. Ndinatumiza Lachitatu usiku, magetsi atathima, laputopu yatsala pang'ono kuzima, zala zitauma ndi chisanu cha mu Juni. Inalemba Sent. Ndinagona tulo tabwino. Chifukwa chodzidalira ndinakakongola ku banki mkhonde n'kuodetsa katundu kwa mayi wina wa pa Taifa. Sabata yonse kuli zii. Lachiwiri linalo ndinaimba. Mayi wogula katundu wa ku bungwe lija anati sanaone kalikonse. Ndinati taonaninso bwino mayi, ndili chiimire pakhomo pa shopu, kamvula kowaza kaja kakundinyowetsa nsapato. Ndinkamva ndithu akudina mausi. Kenako anati, "Aa bambo, ndaipeza mu spam. Mtengo wanu unali wabwinotu, koma tapatsa kale ena." Mawu akuti unali wabwinotu aja bola akanangowameza. Mabelo awiri ali pakona, mnyamata wanga wa pamakina akungondiyang'ana, ine foni ili kukhutu yaduka kalekale.

Wondipha ndi kamnyamata kamene kanandikonzera webusaiti. Ndalama kanalandira zonse, n'kundipatsa imelo ya dzina la shopu, ati bwana apa ndiye mwakhala kampani yeniyeni. Nditakaimbira kanati ndi netiweki. Netiweki! Kenako kanayamba zoti ndili ku maliro, milungu itatu maliro osatha. Mphwanga wa ku Mzuni ndi amene anaulula zonse. DKIM kunalibe. Ma SPF anali awiri, pomwe imafunika imodzi yokha, ikakhala iwiri zonse zimaonongeka. Pa hosting yake yotchipa ija, seva yosungira webusaiti ndi maimelo, tinkagawana IP imodzi, adiresi ya sevayo pa intaneti, ndi anthu osawadziwa, ndipo inali pa mndandanda wa Spamhaus wa otumiza spam.

Mmene anandifotokozera, SPF ndi kamzere ka mu DNS, kaundula wa mayina a pa intaneti, konena ma seva ololedwa kutumiza m'dzina la domain yanu, dzina lija lobwera pambuyo pa @ mu imelo. DKIM ili ngati chidindo cha amfumu pakalata. DMARC imauza wolandira choti achite ziwirizi zikakanika. Kuyambira Febuluwale 2024 Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa: aliyense akhale ndi SPF kapena DKIM, ndipo wotumiza maimelo 5,000 patsiku ku Gmail akhale nazo zonse zitatu komanso batani losiyira kulandira. Inu tumizani imelo kwa mnzanu wa Gmail, atsegule pa kompyuta, adine timadontho titatu tija, asankhe Show original. Pakalemba FAIL, vuto mwalipeza. Kulinso mail-tester.com, imapereka malikisi pa 10.

Ndisaname, nanenso ndinali ndi kanga. Ndinkamwaza zotsatsa pa BCC, paja olandira saona maadiresi a anzawo, kwa aliyense amene ndinapeza adiresi yake, a komiti ya ukwati ndi a kwaya omwe, mutu wake zilembo zikuluzikulu zokhazokha, mkati chithunzi chimodzi chopanda mawu. Anthu akatopa amangodina Report spam, ndipo Google imafuna odandaula asafike 0.3 peresenti, anthu atatu pa 1,000. Koma zimenezo sizikumuyeretsa mnyamata uja ayi.

Ndiye musamadalire anyamata a IT awa, achemwali. Komanso DNS musaigwire nokha, mukalakwitsa kadontho kamodzi maimelo onse aima, pezani wa IT wodziwa, mukhale naye pompo mpaka muone PASS ndi maso anu. Password ya domain ikhale m'manja mwanu, osati mwake. Imelo yanga ya shopu pano ili bwinobwino, imapasa zonse. Komabe kotesheni ya ndalama zambiri ndimatumizira pa Gmail yanga yakale ija, kenako ndimaimba, kenako WhatsApp, mpaka munthu anene ndi pakamwa pake kuti waiona.

Ma T-shirt aja ndakhala ndikugulitsa imodziimodzi. Atsala oyera a XL, wofuna andipeze ku inbox.