Yankho kwa achemwali ofunsa za mng'ono wawo woyembekezera amene akumwa kachasu

Achemwali, mwati mng'ono wanu wa ku Kanyama mu Lusaka ali ndi pakati pa miyezi 5, amamwa kachasu tsiku lililonse, nthawi zina n'kuwonjezera mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, sikelo sanayambe, ndipo mukufunsa ngati mumutengere ku chipatala cha za maganizo cha Chainama kapena mukamunenere ku DEC, bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo. Ine zoterezi zinandigwerapo ndi mlamu wanga, ndiye ndikuuzani zomwe ndinaona ndi maso.

Aja akukuuzani kuti mumutsekere m'nyumba sabata yathunthu mpaka mowa utuluke m'thupi, chonde musawamvere. Munthu amene thupi lake linazolowera mowa wa tsiku ndi tsiku akaleka mwadzidzidzi amayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta tsiku loyamba lomwelo, ena amagwa ngati akhunyu, ndipo pofika tsiku lachitatu ena mutu umasokonekera n'kumaona zinthu zomwe palibe. Anthu amafa nazo. Codeine nayenso ndi wa banja limodzi ndi heroin, ndipo mayi woyembekezera akamusiya mwadzidzidzi akhoza kupita padera kapena kubereka masiku asanakwane. Kusiya ayenera kusiya ndithu, poti palibe mowa wochepa umene uli bwino kwa mwana wa m'mimba, ndipo ubongo wa mwanayo ukukulabe mpaka mwezi womaliza, kotero simunachedweretu. Koma asiye adokotala akumuyang'anira.

Yambirani ku sikelo. Chipatala cha Kanyama chili naye pafupi. Kuyambira 2016 a WHO amalangiza kuti mayi aonedwe kosachepera ka 8 asanabereke, ndiye iye watsalira kale. Mulowe naye m'chipinda, azamba auzidwe zoona: amamwa wochuluka bwanji, anayamba liti, womaliza wamwa liti. Mupemphe kulankhula panokha. Ife pa kiliniki ina namwino anamukalipira mlamu wanga pa benchi anthu ali phee kumvetsera, akuti akununkha ngati shabini. Mlamu anabisa khadi lake m'thumba la ufa, ndipo panatha mwezi ndi theka asanapondekonso. Zikakuchitikirani musabwerere kunyumba, funsani sista wamkulu, azamba achifundo alipo ambiri.

Tsopano apa ndi pomwe ife tinapunthwa. Thandizo mu Lusaka lilipo, koma lili m'zigawozigawo. Azamba amaona mimba. Ku Chainama, pa Great East Road, amaona za mowa ndi za maganizo. A Social Welfare amaona za chakudya ndi ana ena apakhomo. A Victim Support Unit kupolisi amaona za nkhanza. Aliyense ali ndi fayilo yake, ndipo uthenga wochoka kuno kupita uko umayenda ndi wodwala mwiniwake. Ndiye taganizani, munthu wamatsire, wamanyazi, wopanda ya minibasi, ndi amene akapereke kalata? Yathu yoyamba inanyowa ndi mvula m'chitenje. Pakufunika munthu mmodzi wogwira ulusi wonse, ndipo momwe ndaonera funso lanu, munthuyo ndinu.

Gulani kope. Lembanimo tsiku lililonse lomwe mwapita kwinakwake, amene munamupeza, zomwe ananena, mankhwala onse ndi tsiku lobwereranso. Kalata iliyonse yotumizira muijambule pa foni musanaipereke. Kulikonse komwe mwalowa muzifotokoza zomwe anena kwinako. Dokotala wa za maganizo adziwe msanga kuti ndi woyembekezera, chifukwa mankhwala ena monga sodium valproate amavulaza mwana m'mimba. Ngati magazi aonetsa kachilombo ndipo ayamba ma ARV, onse adziwenso, poti woledzera amaiwala kumwa. Ndiponso pemphani azamba alembe pa khadi za codeine uja. Mwana wa mayi wotere akhoza kubadwa ooneka bwinobwino, kenaka patapita masiku 2 kapena 3 n'kuyamba kulira mokuwa, kunjenjemera ndi kukana bere. Azamba akadziwiratu sathamangira kumutulutsa m'chipatala, ndipo akaona kuti n'koyenera amatumiza ku Women and Newborn Hospital ku chipatala chachikulu cha UTH kapena ku chipatala cha Levy Mwanawasa. Kuberekera kunyumba ayi.

Za DEC, zoona ali ndi nthambi yophunzitsa ndi kupereka uphungu, si kumanga kokha. Koma mawu oti "kumunenera" andiopsa. Akangomva kuti mwamugulitsa athawira kwa anzake omwa nawo, ndipo mudzamuona mimba itafika kale pakhomo. Ngati mukufuna uphungu wawo, pitani nokha kaye mukafunse momwe amachitira. Boma linaletsa tujilijili, mowa waukali wa m'timapaketi, mu 2012, koma tonse tikudziwa kuti m'makomboni kumwa sikunathe, chifukwa chomwe chimamwetsa munthu chimatsala.

Mwamufunsa chomwe akumwera? Mlamu wanga, tinadzadziwa mochedwa, ankamenyedwa ndipo ankamwa kuti apeze tulo. Mwamuna wakeyo ndi mchimwene wanga weniweni, ndiye mukhoza kuona momwe ife apabanja tinkatsinzinira dala. Ngati nkhani ili yotere, nambala ya 933 yonenera za nkhanza ndi yaulere, ndipo 116 ndi ya za ana. Ngati vuto ndi njala, funsani a CWAC, komiti yoona za ovutika m'dera lake, za Social Cash Transfer, ndalama zomwe boma limapatsa mabanja ovutika, ngakhale sindingalonjeze kuti alembedwa. Amayi a SMAG, gulu la odzipereka loona za uchembere wabwino, nawonso amatha kumamuzonda kunyumba masiku omwe inu muli kuntchito. Mapemphero apitirire, inenso ndimapemphera, koma abusa asamuletse mankhwala.

Akabereka musapume. Milungu yoyamba ija, tulo kulibe, alendo apita, ndi pomwe mlamu wanga anabwerera ku botolo kawiri. Tinagwirizana kuti tsiku lomwe wamwa mwana agona ndi apongozi ake, chifukwa woledzera akhoza kugonera khanda. Pa sikelo ya milungu 6 mukambenso za kulera.

Mawa mulawirire, mzere wa sikelo umatalika msanga. Mumutengere kachakudya, ndipo ngati wamwa kale m'mawamo mupite nayebe choncho.