Ziboliboli m'mbali mwa nyanja: ndi kutaya ndalama kodi?

Achimwene, mwandilembera kuti mukuphunzira za mapulani a mizinda, ndipo pali chomwe chikukuvutani. Mukuti pomanga dera latsopano m'mbali mwa nyanja, madzi akuwopseza kusefukira, anthu akusowa pogona, n'kutayiranji ndalama pa zosemasema ndi zojambula?

Nkhawa yanu ndi yomveka, koma tiyeni tione za ku Malmö, ku Sweden. Dera la Västra Hamnen, lomwe lili m'mbali mwa nyanja mumzindawu, linali la kampani yopanga sitima zapamadzi ya Kockums. Ntchito itazilala, chikireni chake chachitali mamita 138, chomwe munthu ankati akachiona n'kudziwa kuti wafika kwawo, chinagulitsidwa pa dola imodzi yokha, n'kupita ku Ulsan, ku South Korea, mu 2002. Zinawakhudza kwambiri eni mzindawo, mpaka chinatchedwa misozi ya Malmö. Mu 2005 m'deralo munatha kumangidwa Turning Torso, nyumba yopotoka ya mamita 190, yomwe katswiri wojambula mapulani a nyumba, Santiago Calatrava, anaitengera ku chosema chake. Anthu anapezanso cholozera alendo.

Komabe ine chondigwira mtima si chinyumbacho ayi, ndi madzi. Pomanga gawo loyamba la nyumba zatsopano m'deralo, lotchedwa Bo01, mu 2001, madzi a mvula sanawakwirire m'mapaipi. Amatsika pa madenga omera zomera, n'kuyenda poyera m'tingalande ta m'mphepete mwa njira, kudutsa m'timaiwe, kenako n'kukathira m'nyanja. Mwana akhoza kuponyamo tsamba n'kulitsatira. Ndiye pamenepo mundiuze, ngalande ithera pati, luso liyambira pati?

Yankho langa lagona pomwepo. Wa luso akhale pa tebulo limodzi ndi mainjiniya tsiku lomwe akujambula mapulani a ngalande ndi zipupa zotchinga mafunde. Akaitanidwa nyumba zitatha kale, amangobzala chifanizo pakati pa simenti, ndipo apo ndikugwirizana nanu, ndalama zatayika. N'chifukwa chake ndimayamikira mfundo yomwe dziko la Sweden linakhazikitsa mu 1937, yopatula gawo limodzi mwa magawo 100 a ndalama zomangira nyumba za boma kuti likhale la luso. Ndalamayo imadziwika kuyambira pachiyambi, sachita kupemphetsa kumapeto.

Chinanso, poti ambiri amachiiwala: mphepo ya m'nyanja yamchere imadya chitsulo, imasupula utoto. Mukamawerenga pulani iliyonse m'kalasi mwanumo, fufuzani kuti adzatsuke ndi kukonza zinthuzo ndani pakadutsa zaka 10, nanga ndalama yake idzachokera m'thumba la yani.