Chifukwa chake Bob Feller sanafike pa 300

Achimwene, mwafunsa kuti ngati Bob Feller analidi katswiri woponya mpira wa baseball monga anthu amamutamandira, bwanji anapambana masewero 266 okha pomwe akatswiri ena anadutsa 300. Funso lanu landikhudza, chifukwa nambala imeneyo imabisa zaka pafupifupi zinayi zimene munthuyu anali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Feller anakulira pa famu ku Van Meter, m'chigawo cha Iowa ku America, ndipo bambo ake ndi amene anamulambulira bwalo pa famupo kuti aziphunzira kuponya. Anayamba kusewerera timu ya Cleveland Indians mu 1936 ali ndi zaka 17, sukulu ya sekondale asanamalize. Taonani mmene dzanja lake linkatenthera: mu 1939 anapambana masewero 24, mu 1940 anapambana 27, mu 1941 anapambana 25. Onse pamodzi ndi 76 m'zaka zitatu zokha.

Pa 7 Disembala 1941 dziko la Japan linaphulitsa Pearl Harbor, doko la sitima zankhondo za America ku Hawaii. Feller anamva nkhaniyi ali m'galimoto, akupita ku Chicago kukakambirana za kontrakiti yake yatsopano. Patangopita masiku awiri analembetsa usilikali wa pamadzi. Chimene chimandigwira mtima ndi ichi: palibe anamukakamiza. Bambo ake ankadwala khansa, banja linkadalira iye, choncho lamulo linkamulola kukhala pakhomo. Bambowo anamwalira mu Januwale 1943, mwana wawo atavala kale yunifomu.

Poyamba anamuika ku Norfolk kuti aziphunzitsa asilikali masewero olimbitsa thupi, ntchito yopanda ngozi. Iye sanakhutire nayo, anapempha yekha kupita kumene kunkalira mfuti. Anamutumiza pa sitima yankhondo ya USS Alabama, kumene ankatsogolera gulu loombera ndege za adani, poyamba ku Atlantic, kenako ku Pacific. Mukamuganizira mnyamata amene masitediyamu ankadzadza chifukwa cha iye, tsopano ali pambali pa mfuti yaikulu, maso kumwamba, akapeza kampata n'kumaponyerana mpira ndi mnzake pa sitimapo kuti mkono usaiwale ntchito, mudzaona kuti anataya zambiri.

Tsono tiwerenge. Anachoka ali ndi zaka 23, anabwerera ali ndi 26, msinkhu umene woponya mpira amakhala pachimake. Zaka za 1942, 1943 ndi 1944 zinapita zathunthu, ndipo 1945 anangoipeza kumapeto. Kuti afike pa 300 ankangofunika masewero 34. Kwa munthu wopambana 25 pa chaka, imeneyo sinali ntchito ya zaka ziwiri n'komwe. Ine ndiye sindikayika m'pang'ono pomwe kuti akanadutsa, ndiponso patali.

Ena amati mwina nkhondo inapumitsa mkono wake, n'chifukwa chake anatha kusewera mpaka 1956. Mwina, koma kupuma kwa pa sitima yoomberedwa sindingakutche kupuma.

Atabwerera, pa 24 Ogasiti 1945, anakumana ndi Detroit Tigers ku Cleveland, anthu atadzadza bwalo kudzamulandira. Anagwetsa omenya mpira 12 (kutanthauza kuwatulutsa atalephera katatu kumenya bwino mpira wake), timu yake n'kupambana 4-2. Chaka chotsatira anapambana masewero 26, anagwetsa omenya mpira 348, ndipo pa 30 Epulo 1946 anawatsekera a New York Yankees kwawo komwe, osalola ngakhale mmodzi kumenya mpira womufikitsa pa malo oyamba.