Kodi 2,147,483,647 ndi nambala ya prime, nanga ndi ya mtundu wanji?

Owerenga wina watilembera pa imelo kuti polemba pulogalamu ya kompyuta amakumanakumana ndi 2,147,483,647. Akuti anamva kuti ndi prime, ndiye akufuna adziwe ngati n'zoona komanso mmene angatsimikizire okha.

N'zoonadi. Nambalayi imagawika ndi 1 komanso ndi iyo yomwe basi, ndipo katswiri wa masamu Leonhard Euler anatsimikiza zimenezi mu 1772. Mumaionaona chifukwa ndiyo malire a nambala ya mabiti 32 (malo 32 osungamo 0 kapena 1 mukompyuta) yokhala ndi chizindikiro cha + kapena −. Mukaphatikizapo 1, m'mapulogalamu ambiri imagudubuzika n'kukhala -2,147,483,648.

Mtundu wake ndi wa Mersenne: chulukitsani ma 2 okwana 31, chotsani 1, mwaipeza, ndiye kuti 2^31 − 1. Chosangalatsa n'chakuti 31 nayenso ndi wa Mersenne, 2^5 − 1, motero nambala yathuyi ndi Mersenne wapawiri. Ma prime otere odziwika alipo anayi okha: 7, 127, iyiyi, ndi 2^127 − 1. Mapasa (prime ina yosiyana nayo ndi 2) ilibe, chifukwa mukachotsapo 2 yotsalayo imathera ndi 5, ndipo mukaphatikizapo 2 imagawika ndi 3.

Musapusitsike kuganiza kuti p akakhala prime ndiye kuti 2^p − 1 nayonso ndi prime. Ndi 11 mumapeza 2,047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa 89.

Nanga kutsimikiza? Kugawa ndi nambala iliyonse mpaka 46,340, pomwe pali square root yake, kumatheka koma n'kudzivutitsa. Nambala ya prime yogawa 2^p − 1 imakhala 2kp + 1 nthawi zonse, k ali nambala yathunthu (onani 23 ndi 89 aja pa 11), choncho apa muyese 63, 125, 187 n'kumapita, nambala 747 zokha.

Njira imene timaikonda ndi ya Lucas-Lehmer, yoyesera nambala za mtundu wa 2^p − 1. Yambani ndi 4. Ichulukitseni ndi iyo yomwe, chotsani 2, gawani ndi nambala mukuyesayo, sungani chotsala. Bwerezani maulendo p − 2. Mukathera pa 0, ndi prime. Yesani pamanja ndi 31 (apa p ndi 5): 4 akupatsani 14, 14 akupatsani 194, chotsala 8, 8 akupatsani 62, chotsala 0. Maulendo atatu, nkhani yatha. Pa nambala yanuyo ndi maulendo 29.

Apa m'pamene ambiri amagwa. Chotsala chikamachulukitsidwa ndi icho chomwe chimatha kufika pafupi ndi 2^62, ndiye mukachisunga m'mabiti 32 chimasefukira mwakachetechete, pulogalamu n'kukunamizani kuti si prime. Sungani m'mabiti 64. Cholakwika china n'kuyesa ndi njira ya Fermat (mayeso ena ofufuzira ngati nambala ingakhale prime) pogwiritsa ntchito 2: nambala iliyonse ya 2^p − 1, p ali prime, imapambana mayesowo, ngakhale 2,047 ija. N'chifukwa chake a GIMPS, gulu lofufuza ma prime a Mersenne, amayamba ndi njira ya Fermat pogwiritsa ntchito 3, kenako n'kutsimikiza ndi Lucas-Lehmer, monga anachitira mu 2024 ndi 2^136,279,841 − 1, ya madijiti 41,024,320.