Matayala a all-season pa Tesla Model 3: yambani mwawerenga manambala a m'mbali

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati muli ndi Tesla Model 3 ya 2021 yokoka ndi matayala akumbuyo, malimu a mainchesi 18, mumakhala ku Sheffield ku England ndipo mumaweruka kuntchito kusanache. Matayala akumbuyo atsala ndi mano a mamilimita 3, ndiye mukufunsa ngati mugule a all-season, oyendera nyengo zonse, komanso ngati akuyenera kukhala olembedwa kuti EV, kutanthauza a galimoto zamagetsi. Gulani a all-season, ndipo mugule anayi onse. Za chilembo cha EV musataye nazo tulo, pali zina zofunika kuposa chimenecho.

Matayala amene galimotoyi imabwera nawo ndi a nyengo yotentha. Mphira wake umauma kukazizira kutsika madigiri 7, ndipo tayala louma siligwira msewu. Nthawi imene inu mumakhala pamsewu ndi yomwe kumazizira kwambiri, msewu uli wonyowa kapena wachita chisanu, pa zitunda za ku Sheffield. Galimoto yamagetsi imapereka mphamvu zonse nthawi yomweyo mukangoponda, ndiye tayala likakhala louma, kumbuyo kumaterereka musanachoke n'komwe pa mphambano.

Tsegulani chitseko cha dalaivala muwerenge kapepala komatidwa pa chipilala. Pa malimu anuwo saizi ndi 235/45 R18, ndipo m'mbali mwa tayala saiziyo imatsatiridwa ndi nambala 98 ndi zilembo XL, zosonyeza tayala lolimba lonyamula katundu wochuluka. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Nambala 98 ikutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 750. Saizi yomweyo imapezekanso ya 94, yonyamula makilogalamu 670 okha, ndipo pa intaneti imakopa chifukwa imatsikirapo mtengo. Musaigule ngakhale ikwane bwinobwino pa limu. Galimoto yanu imaposa makilogalamu 1,600 musanakweremo munthu, chifukwa cha batire loyalidwa pansi ponse. Tayala lochepa mphamvu limapindika kwambiri m'mbali, limatentha, limatha msanga m'mapewa, ndipo mukagunda dzenje limatupa chotupa chomwe sichikonzeka. Chilembo chotsatira nambalayo, W kapena Y, ndi cha liwiro, nachonso chisatsike kuposa cholembedwa pa galimoto, kuopa mikangano ndi a inshuwalansi tsiku la ngozi.

Kenako fufuzani m'mbali mwa tayala kachithunzi ka phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kaduwa ka sinowo pakati. Amakatchula kuti 3PMSF. Kameneka kamasonyeza kuti tayalalo linayesedwa pa sinowo n'kupambana. Zilembo za M+S (matope ndi sinowo) pazokha zisakukhutitseni, wopanga amangozidinda malinga ndi kaonekedwe ka mano popanda mayeso. Chenjeraninso ndi malangizo a pa YouTube ochokera ku America: kumeneko matayala ambiri otchedwa all-season amakhala a M+S okha, ndipo amene ife kuno timawatchula all-season iwo amati all-weather. Mukadzafuna kuwoloka ndi galimoto, dziwani kuti ku Germany kuyambira pa 1 Okutobala 2024 tayala lopanda kaphirika silivomerezedwanso msewu ukakhala wa sinowo kapena ayezi, ndipo m'madera amapiri a ku France lamulo lofuna matayala otere kapena matcheni limagwira ntchito kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi.

Pa lebulo ya tayala pali magiredi awiri a zilembo ndi nambala ya phokoso. Giredi yokhala ndi pampu ya mafuta imanena mmene tayala limadyera mphamvu poyenda, yokhala ndi mtambo wa mvula imanena mmene limaimira pa msewu wonyowa. Eni galimoto zamagetsi amathamangira yoyambayo kuti batire lizifika patali. Ine ndikuti yambani ndi ya mvula, ikhale A kapena B. Nyengo yozizira ya ku England ndi mvula masiku ambiri, sinowo ndi wa apo ndi apo, ndipo galimoto yolemera imafuna mtunda kuti iime. Giredi ya mphamvu ikakhala B kapena C, palibe vuto.

Mayina oti mufunse ndi Michelin CrossClimate, Continental AllSeasonContact 2, Goodyear Vector 4Seasons Gen-3 ndi Bridgestone Turanza All Season 6. Onsewa ali ndi kaphiri kaja. Hankook iON FlexClimate ndi lomwe linapangidwira galimoto zamagetsi mwachindunji. Kwa inu ndingaike patsogolo Continental kapena Michelin, lomwe mwalipeza lili 98 XL pa mtengo wabwino. Osadziwika dzina ndi ogwiritsidwapo kale ntchito asiyeni, ndalama imene mwapulumutsayo idzabwerera ku galaji chaka chisanathe.

Chimodzi chomwe ambiri mwa matayala olembedwa EV, kapena T0 ndi T1 (zilembo za matayala opangidwira Tesla), amasiyana nacho ndi siponji yomatidwa mkati. Poti mulibe injini yolira, phokoso la tayala limamveka m'galimoto, ndipo siponjiyo imachepetsa kang'ung'udza kena kake. Siiwonjezera kugwira msewu. Mukagula opanda siponji mudzamva kusiyana pang'ono pa msewu waukulu wa M1, basi. Ubwino wake, likabooka salimbana ndi kudula siponji asanamate chigamba, ntchito imene magalaji ena amaikana.

Ndati anayi onse chifukwa kusakaniza n'koopsa. Mukaika a all-season kumbuyo kokha, m'mawa wachisanu kumbuyo kudzakankha bwino koma kutsogolo kudzakana kukhota ndi kuima. Mukawaika kutsogolo, kumbuyo kudzakupitirirani pa kona. Ngati thumba silikulola anayi mwezi uno, kuli bwino mugule awiri ofanana ndendende ndi akutsogolowo, muwaike kumbuyo, za all-season mudzachite onse akadzatha.

Ku galaji musangosiya makiyi n'kupita kukamwa tiyi. Afunseni ngati ali ndi timphira toika pa malo anayi onyamulira Tesla, chifukwa jeke ikalakwa malo imaphwanya chikuto cha batire, ndipo imeneyo si ndalama ya matayala ayi. Ambiri mwa matayala ndatchulawa ali ndi mano ooneka ngati V ndipo amazungulira mbali imodzi yokha. M'mbali muli muvi ndi mawu akuti Rotation, muviwo uloze kumene tayala limazungulira galimoto ikamapita kutsogolo. Akalitembenuza, m'malo motaya madzi kunja limawakokera pakati. Manati amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa 175 Nm, osati kungowomba ndi mfuti ya mpweya. Asamale masensa a mpweya ali pa mavavu pochotsa tayala, poti nyale ya sensa yakufa imagwetsa galimoto pa MOT, mayeso a pachaka oona ngati ili yoyenera pamsewu. Onaninso manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo DOT m'mbali mwa tayala: 3524 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 35 chaka cha 2024. Ndipo lipirani alayimenti ya mawilo onse anayi tsiku lomwelo.

Mpweya ndi 42 psi, kapena 2.9 bar, poyeza matayala asanayende. Kukazizira mpweya umatsika wokha, pafupifupi 1 psi pa madigiri 5 kapena 6 aliwonse, ndiye yezani kamodzi pamwezi. Pa sikirini lowani mu Service muuze galimoto kuti mwasintha matayala. Masiku oyamba mutha kuona kuti mukachotsa phazi siikudzigwira mwamphamvu monga kale, musadabwe, kompyuta imakhala ikuzolowera matayala atsopano ndipo zimabwerera.

Mtunda wa batire udzatsika pang'ono, koma musaweruze msanga. Tayala lililonse latsopano limadya mphamvu kuposa lakutha chifukwa mano ake ndi aatali, komanso mukusintha pa nthawi imene kuzizira ndi hita zikudya batire kale. Yerekezani ma Wh/mi, magetsi amene galimoto imadya pa mailosi imodzi, a ulendo womwewo wa kuntchito patatha mamailosi angapo, pa nyengo yofanana.

Kuti akhalitse, a kumbuyo azipita kutsogolo mbali yomweyo pa mamailosi 6,250 aliwonse, kapena kusiyana kwa mano kukafika mamilimita 1.5. Pa galimoto yanu akumbuyo ndi amene amakoka komanso kugwira mukachotsa phazi, choncho amatha msanga. Masiku amvula ikani Chill, kachitidwe kochepetsa mphamvu mukaponda. Lamulo limalola mpaka mamilimita 1.6, ndipo kutsika apo chindapusa chimafika £2,500 ndi mapointi 3 pa tayala lililonse, koma a all-season akafika pa mamilimita 3 mphamvu yake pa madzi ndi sinowo imakhala itapita. Poyeza musamangoona kunja. Gwadani ndi tochi, mulowetse dzanja kuseri kwa tayala lakumbuyo mupapase m'mphepete mwa mkati, chifukwa mawilo akumbuyo anapendekera pang'ono ndipo mkatimo mumatha kusalala kunja kukuonekabe kwatsopano. Yambani ndi amene muli nawo panopawo, lero lomwe, musanadalire mamilimita 3 aja.